Thupi Silifunsa Ngati Tikonda Kapena Ai



Inu amene mumachera khutu pa nthawi ya zilengezo pa Sondo mwaona kuti matenda amene timapempherera asintha maina. Kale tinali kumva za malungo, cifuwa cacikulu ndi kutsegula m'mimba. Amenewa sanathe, koma pambali pao pabwera atatu amene sasowa m'mapemphero athu: BP, shuga ndi sitiroko. Mkulu wa mpingo amene tinali naye pa msonkhano pa Ciweru, pofika pa Ciwiri timva kuti wagwa kubafa, dzanja ndi mwendo zaleka kugwira, pakamwa papotoka, amtengera ku Chipata. Mai wa Cigwirizano amene anali kutiyambitsira nyimbo, lero ayenda ndi mankhwala a shuga m'cikwama ndipo maso ayamba kucita nkhungu. Munthu akatere sagwa yekha. Munda umagona, mwana amasiya sukulu kuti azitembenuza wodwala, mbuzi zimatha m'khola kulipira maulendo a ku cipatala.

Ife a bungwe taona kuti sikokwanira kumangocezera odwala ndi kuika maliro. Tiyenera kukambanso za zimene zingacedwetse matendawa kapena kuwaletsa. Zilipo zingapo: kucepetsa mcere, shuga ndi saladi, kuleka fodya ndi mowa, kupimitsa BP, ndi kumwa mankhwala mokhulupirika. Lero titenga cimodzi cimene ambiri a ife sitifuna kucimva, ndico kulimbitsa thupi. Tiulule poyamba kuti ngakhale ife amene tilemba izi siticikonda. Mau akuti "masewera olimbitsa thupi" amamveka ngati za ana a sukulu pa bwalo la mpira. Koma thupi silifunsa ngati mwini wake akonda kapena ai. Likamayenda limalimba, likangokhala limafooka, mwini wake akondwe asakondwe.

"Ife ndife alimi"

Tidziwa yankho limene ambiri muli nalo kale pakamwa: "Akuluakulu, ife ndife alimi. Khasu ndilo masewera athu." Simukunama. Munthu amene apanga mizere, apalira, athira dimba ndi kheni, asenza mitolo ya nkhuni, sasowa womuphunzitsa kutuluka thukuta. Mu 2017 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la WHO, unacita kafukufuku wochedwa STEPS pakati pa anthu a zaka 18 kufika 69 m'Zambia monse. Unapeza kuti Azambia ambiri akali kugwiritsa nchito thupi mokwanira. Koma unapezanso kuti pafupifupi munthu mmodzi pa asanu alionse ali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi mmodzi pa anai ali ndi thupi lolemera kupyola muyezo.

Kulimba kwathu kunabisala m'kati mwa nchito. Makolo athu sanasankhe kulimbitsa thupi. Moyo ndiwo unawakakamiza. Cinthu cimene sunacisankhe, cikamacoka sucizindikira. Taganizirani zimene zasintha kuno ku Chadiza pa zaka za moyo wathu womwe uno. Mtondo ndi munsi zapereka malo ku cigayo. Madzi amene anali kucokera kumtsinje tsopano ali pa mjigo wa pafupi. Udzu umene tinali kupalira masabata angapo, ena aupopera mankhwala tsiku limodzi. Njinga yopalasa, imene cigawo cathu cinadziwika nayo kufikira kuti njinga za Eagle zinali kupangidwa ku Chipata, tsopano ipitidwa ndi honda pa mseu uliwonse. Uthenga wa maliro umene mnyamata anali kuthamanga nao mudzi ndi mudzi lero uyenda pa foni, ndalama nazonso cimodzimodzi.

Sitilira zakale ai. Amai athu anapindika misana ndi mtondo ndi ndowa, ndipo tiyamika Mulungu kuti ana ao apumako. Koma walira mvula walira matope. Nchito yacepa, pomwe mbale yakula: ufa woyera, saladi wambiri m'ndiwo, masupuni atatu a shuga m'tiyi, vitumbuwa, chipisi ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo.

Amene nkhaniyi iwakhudza kwambiri ali m'magulu atatu. Loyamba ndi la okhala pansi tsiku lonse cifukwa ca nchito yao: a m'maofesi pa boma, ogulitsa m'masitolo ndi pa msika, osoka pa makina, madalaivala, oyendetsa honda, ndi ife omwe atsogoleri a mipingo amene timacoka pa mpando wa msonkhano uwu kukakhala pa mpando wa msonkhano wina. Laciwiri ndi la alimi amene agwira nchito yakalavulagaga kuyambira November kufikira kukolola, koma akagulitsa soya ndi nshawa, manja alendewera mpaka mvula. Mphamvu ya dzinja sisungika m'nkhokwe. Masabata ocepa okhala cabe amayamba kuidya. Lacitatu ndi la okalamba, amene tikamba za iwo patsogolo.

Tinenenso poyera amene sitikuwauza izi. M'caka ca njala, monga 2024 pamene boma linalengeza cilala kuti ndi tsoka la dziko, m'bale amene wagona ndi njala ndipo ayenda mtunda kufuna ganyu sasowa masewera. Asowa cakudya, ndipo udindo wa mpingo kwa iye ndi wina.

Zimene zimacitika m'kati mwa thupi

Mtima ndi mnofu, ndipo umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Monga mnofu uliwonse, ukamapatsidwa nchito yoonjezera pang'ono nthawi ndi nthawi umalimba, ndipo umatha kukankha magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Mitsempha nayo imakhala yofewa, yotha kutanuka magazi akamadutsa. Munthu akangokhala zaka zambiri mitsempha imauma ndi kupanikizika, mtima n'kumakankha mwamphamvu kuti magazi adutse. Imeneyo ndiyo BP. Ku kiliniki amati yakwera ikafika pa 140/90 kapena kupyola. Kuopsa kwake n'kwakuti kawirikawiri siwawa. Munthu amadzimva bwinobwino pamene impso, maso ndi mitsempha ya mu ubongo zikuonongeka, mpaka tsiku limene mtsempha utsekeka kapena kuphulika. Kwa munthu wa BP, kuyenda mwandawala masiku ambiri pa sabata kumatsitsa nambala ya pamwamba ija ndi 5 kufika 8. Zioneka zocepa, koma pa zaka khumi kusiyana kotere kumapulumutsa anthu ambiri ku sitiroko.

Nkhani ya shuga ili motere. Nsima, kandolo ndi mpunga zikagayika m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Amene amadya shuga wambiri m'thupi ndi minofu, makamaka ya m'nchafu ndi m'miyendo. Minofu ili ngati nkhokwe. Nkhokwe imene anthu akutapamo tsiku ndi tsiku imakhala ndi malo olandirira cimanga catsopano. Imene satapamo imadzaza, ndipo cobwera pambuyo cimangounjikana pabwalo. Shuga wosowa kolowa amazungulira m'magazi, ndipo pang'onopang'ono amaononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi. Minofu ikamagwira nchito imakoka shuga m'magazi, ndipo imakhalabe yotseguka kwa tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pake. N'cifukwa cake kuyenda kwa tsiku ndi tsiku kuposa kudzipha ndi kuthamanga kamodzi pa mwezi.

Izi zinayesedwa. Mu 2002 ku America kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 3,000 amene shuga wao anali atayamba kukwera koma asanafike pa matenda. Ena anapatsidwa mankhwala a metformin, amene odwala shuga ambiri kuno awadziwa. Ena anathandizidwa kuyenda mphindi 150 pa sabata, kusintha kadyedwe ndi kucepetsako thupi. Patapita zaka pafupifupi zitatu, mankhwala anali atacepetsa odwala atsopano ndi 31 peresenti, koma kuyenda ndi kadyedwe kunawacepetsa ndi 58 peresenti. Pakati pa a zaka 60 kupita m'tsogolo phindu linali lalikulu koposa, 71 peresenti.

Pali zinanso. Mafupa amalimba akamasenza thupi. Mawondo a nyamakazi amawawa mocepa minofu yowazungulira ikakhala yamphamvu. Woyenda amagona tulo tabwino, ndipo nkhawa ndi kupsinjika mtima zimapepuka. Khansa ya m'matumbo ndi ya m'mawere imapezeka mocepa mwa anthu amene thupi lao silikhala cabe. Ndipo abale athu amene akumwa ma ARV, amene mwa cisomo ca Mulungu tsopano akufika ku ukalamba, afunika kusamala mtima ndi shuga monga wina aliyense.

Madalaivala ndi makondakita a ku London

Umboni woyamba wa zimenezi sunacokere kwa othamanga mipikisano. Unacokera m'mabasi. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, amuna ambiri ku Britain anali kufa ndi nthenda ya mtima. Dokotala wina dzina lake Jeremy Morris anayang'ana anchito pafupifupi 31,000 a mabasi ndi zoyendera zina za mu mzinda wa London. Mabasi a kumeneko ndi osanja. Dalaivala anali kukhala pa mpando tsiku lonse, pomwe kondakita anali kukwera ndi kutsika masitepe mazanamazana kutolera ndalama. Anthuwa anali a mzinda umodzi, opeza mofanana, ogwira nchito m'basi imodzi. Zotsatira zitatuluka mu 1953 zinaonetsa kuti makondakita anali kugwidwa ndi nthenda ya mtima mocepa, ndipo imfa zadzidzidzi za mtima pakati pao zinali pafupifupi theka la za madalaivala. Anapezanso zofanana poyerekeza opereka makalata oyenda pansi ndi anzao okhala m'maofesi.

Ena anatsutsa kuti mwina madalaivala anali onenepa kale asanayambe nchito. Morris anakafufuza miyezo ya m'ciuno ya mathalauzi a yunifomu amene kampani inali kupereka, ndipo anapeza kuti kondakita, kaya wonenepa kaya woonda, anali wotetezeka kuposa dalaivala wa thupi lofanana naye. Iye mwini anapitiriza kulimbitsa thupi mpaka ukalamba, ndipo anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 99.

Tiphunzirapo ziwiri. Coyamba, makondakita aja sanali kukwera masitepe cifukwa cokonda. Ambiri ayenera kuti anali kusirira dalaivala pa mpando wake. Koma mitima yao inalandira phindu osafunsa ngati eni ake akusangalala. Caciwiri, colinga si kuonda. Munthu angayende miyezi yambiri sikelo osasintha kwenikweni, koma mtima, mitsempha ndi shuga zitasintha kale.

Ulemu umene umapundula ambuya

Apa tifuna tilankhule mosamala, cifukwa tikhudza cinthu cabwino ca mwambo wathu. Mwana woleredwa bwino akaona ambuya atenga tsace amawalanda. Akawaona atenga khasu amati, "Pumulani ambuya, mwagwira kale nchito yanu." Mpongozi amawabweretsera madzi ndi nsima pa mphasa pomwepo. Mwana wa ku Lusaka amatumiza ndalama ya honda kuti asayendenso pansi popita ku chalichi. Zonsezi n'zacikondi. Koma patapita zaka ziwiri ambuya aja sangathe kudzuka pa mphasa popanda wowakoka, ndipo timati ndi ukalamba.

Ukalamba ulipo ndithu. Munthu akapyola zaka 30 minofu imayamba kucepa, mwina ndi 3 kufika 8 peresenti pa zaka khumi zilizonse, ndipo akapyola 60 imacepa mofulumira. Koma kukhala cabe kumathamangitsa zimenezi koposa. Mu 1966 ku Dallas, ku America, madokotala anagoneka pa bedi anyamata asanu athanzi a zaka 20 kwa masabata atatu. Podzuka, mphamvu ya mtima ndi mapapo ao inali itatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anai. Anawalimbitsanso thupi ndipo anabwerera mwakale. Patapita zaka 30, mu 1996, anawaitananso ali amuna a zaka 50. Anapeza kuti zaka 30 za kukula zinali zitawafooketsa mocepa kuyerekeza ndi masabata atatu aja a pa bedi.

Ngati kugona kunacita zotere kwa anyamata, nanga kukhala pa khonde caka conse kungacite zotani kwa ambuya a zaka 75? Miyendo ikafooka munthu amagwa, ndipo wokalamba akathyoka fupa la m'ciuno kawirikawiri sabwereranso mwakale. Tisawalande nchito zonse. Nchito yolemetsa, monga kusenza matumba, tiwalande ndithu. Koma tsace, kadimba ka kuseri kwa nyumba, kudyetsa nkhuku, kupita kukaona mnzao, tiwasiyire. Mdzukulu amene ayenda ndi ambuya ake pang'onopang'ono kupita ku chalichi wawalemekeza kuposa amene wawakweza honda.

N'cifukwa ciani siticikonda?

Si ulesi wokha. Thupi la munthu limakonda kusunga mphamvu, ndipo m'masiku a makolo, pamene njala inali kubwera kawirikawiri, kusataya mphamvu pacabe kunali nzeru. Tsono musadziweruze kuti ndinu munthu wolephera cifukwa mtima sukufuna. Ambiri sufuna. Colakwa n'kuyembekezera tsiku limene udzafune, pakuti tsikulo silibwera.

Palinso manyazi. Kwathu kuno munthu wa udindo akamayenda pansi anthu amafunsa kuti galimoto yatani. Mai wacikulire akamayenda mwandawala popanda mtolo pamutu amamufunsa kuti kwagwanji. Kunenepa timakuyesa cizindikiro ca kupeza bwino ndi ca banja losamala, ndipo munthu akaonda pang'ono manong'onong'o amayamba, monga tinazolowera m'zaka zija za maliro ambiri a Edzi. Manong'onong'o amenewa sitiyenera kuwamva pakati pa Akristu. Onong'ona aja sadzabwera kudzakutembenuzani pa mphasa.

Pali ululu. Masiku oyamba minofu imawawa, makamaka tsiku lotsatira ndi linzake. Mlimi aliyense audziwa ululu umenewu. Ndi uja wa sabata yoyamba ya khasu. Umatha wokha thupi likazolowera.

Ndani pakati pathu amakonda kupalira? Palibe amadzuka m'mamawa mu January, mame ali thoo, n'kunena kuti lero ndakondwa ndikapalira. Timapita cifukwa tidziwa cimene cidzacitika mu May tikapanda kupita. Kulimbitsa thupi ndi kupalira kumene zokolola zake zimabwera patapita zaka 10 kapena 20. Zokololazo ndi izi: kutha kudzisambitsa wekha pa zaka 80, kugwada ndi kudzuka, kunyamula mdzukulu, kufika pa gome la Mgonero ndi miyendo yako.

Kodi izi n'zauzimu?

Ena amachula 1 Timoteo 4:8 ponena kuti za thupi n'zacabe. Werenganinso bwino. Paulo aika kupembedza pamwamba, ndipo nafenso titero, koma sanena kuti kulimbitsa thupi kulibe phindu. Avomereza kuti phindu lilipo, ngakhale lili la moyo uno. Paulo yemweyo, mu 1 Akorinto 6, atikumbutsa kuti thupi si lathu, Mzimu Woyera akhalamo. Ngati denga la chalichi likudontha sitinena kuti tingopemphera, timasonkha malata. Pa Genesis 2 munthu apatsidwa munda woti aulime chimo lisanalowe, kutanthauza kuti thupi linalengedwa kuti lizigwira nchito.

Ambuye wathu anayenda pansi m'midzi ya Galileya, ndipo ulendo wocoka ku Nazarete kupita ku Yerusalemu ndi wa makilomita oposa 100. Kuno kwathu, mishoni ya Dutch Reformed, imene lero ndi Reformed Church in Zambia, inayamba pa Magwero mu 1899 ndipo inafika pa Nsadzu mu 1908. Kucokera pa malo otere, alaliki ndi aphunzitsi a kuno komwe ndiwo anafikitsa Uthenga m'midzi, ndi mapazi ao. Mipingo yathu yonse, ya maina osiyanasiyana, inabzalidwa ndi anthu oyenda.

Koma ticenjeze. Wodwala BP, shuga kapena sitiroko si wocimwa kuposa ena. Matendawa amayendanso m'magazi a pa mtundu, ndipo alipo olimbika nchito amene amadwalabe. Kulimbitsa thupi kumacepetsa ngozi, sikulonjeza kuti munthu sadzadwala. Masiku athu ali m'manja mwa Mulungu. Cathu ndi kusamala cimene tasungitsidwa. Ndiponso m'bale akagwa ndi sitiroko tisathamangire kuloza cala mbale wake kapena nkhalamba ya pa mudzi kuti yamulodza. Cocititsa cimapezeka m'mitsempha, ndipo makina a ku kiliniki akadatha kucionetsa zaka zambiri m'mbuyo.

Muyezo wake ndi wotani?

Malangizo amene WHO inatulutsa mu 2020 ati munthu wamkulu afunika mphindi 150 kufika 300 pa sabata za nchito yofulumizitsako mtima. Kunena mwacidule, mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu. Sizifunika kukhala za nthawi imodzi. Khumi m'mawa, khumi masana, khumi madzulo ziwerengedwa. Masiku awiri pa sabata pakhale nchito yolimbitsa minofu. A zaka 65 kupita m'tsogolo aonjezepo, masiku atatu, zowathandiza kuima nji osagwa. Ana a zaka 5 kufika 17 afunika ola lathunthu tsiku lililonse. Amai oyembekezera amene alibe bvuto lina alimbikitsidwanso kuyenda. Ndipo kacepe kaposa kusacita konse: phindu lalikulu amalipeza munthu amene wacoka pa kukhala cabe n'kuyamba pang'ono.

Mudziwa bwanji kuti liwiro lakwana? Muyezo wake ngwosabvuta kwa anthu a mpingo. Ngati mukuyenda ndipo mutha kuimba nyimbo ya kwaya bwinobwino, onjezani liwiro. Ngati mutha kulankhula ndi mnzanu koma kuimba kukukanika, mwafika. Ngati ngakhale kulankhula kukukanika, cepetsani.

Sipafunika ndalama, nsapato zapadera kapena kubvula citenje. Kuyenda mwandawala, kupalasa njinga, kuthira dimba, kuwaza nkhuni, kukolopa, kubvina m'kwaya, mpira wa miyendo ndi wa manja, zonsezi ziwerengedwa. Za minofu nazo zili m'nyumba mwanu. Khalani pa mpando ndi kudzuka osagwira ndi manja, kakhumi. Tsamirani cipupa ndi manja, pindani zigongono, dzikankheni, kakhumi. Acikulire agwire mzati wa khonde, aime ndi mwendo umodzi kwa kanthawi, asinthe.

Kwa ife osakonda, nazi zimene zimathandiza. Yambani ndi mphindi khumi cabe, muzionjeza sabata ndi sabata. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ulendo wanu ukhale ndi kopita, kuti manyazi acepe: ku msika, ku dimba, kukaona wodwala. Ngati mtunda ndi wautali, pitani pansi, mubwere pa honda ndi katundu. Ikani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse kuti musamakambirane ndi mtima wanu m'mawa uliwonse. Pezani mnzanu woti azikugogodani pa khomo, pakuti kukhumudwitsa mnzako kumabvuta kuposa kudzinamiza wekha. Amene nchito yanu ndi yokhala pansi, imirirani ndi kuyendako pang'ono ola lililonse. Mukaphonya sabata, musati zatha, yambaninso.

Cenjezo

Amene muli kale ndi BP, shuga, nthenda ya mtima kapena mphumu, kambani ndi a zaumoyo ku kiliniki musanayambe zolemetsa. Kulimbitsa thupi sikulowa m'malo mwa mankhwala. Musaleke mankhwala cifukwa mwayamba kuyenda kapena cifukwa mwapemphereredwa. Wowasintha ndi amene anakupatsani. A shuga musayende opanda nsapato, yang'anani mapazi madzulo alionse, ndipo nyamulani kanthu kotsekemera ngati mankhwala anu amagwetsa shuga. M'miyezi yotentha ya October ndi November yendani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo imwani madzi. Pa mseu yendani moyang'anana ndi galimoto ndi honda zobwera.

Mukamva kupweteka kapena kupanikizika pa cifuwa, cizungulire, kapena kubanika kosazolowereka, imani ndipo pitani ku cipatala. Mukaona munthu pakamwa papotoka, dzanja lagwa, mau sakumveka, musayambe mwadikira kuti kuce kapena kuti abale asonkhane. Mtengereni ku cipatala nthawi yomweyo, mupemphere muli pa njira. Ndipo amene anagwa kale ndi sitiroko asamangogonekedwa. Zolimbitsa thupi zimene a cipatala amaphunzitsa ndizo zimabweza mphamvu imene ingabwerere.

Cimene tipempha mipingo

Mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzi woyenda yekha amasekedwa, koma anthu khumi oyenda pamodzi amapatsidwa moni. Tipempha akulu a madera kuti maulendo ocezera odwala ndi ofooka, pamene mtunda ulola, aziyenda pansi awiriawiri. Tipempha amai a Cigwirizano ndi abambo kuti apangane masiku oyendera limodzi, makamaka m'cilimwe nchito ya kumunda ikatha. Acinyamata atenge ambuya a m'dera lao, mmodzi mmodzi, aziyenda nao. Pa misonkhano yathu yaitali wapampando aziimiritsa anthu ola lililonse, ngakhale ndi nyimbo imodzi, ndipo pa gome pazikhala madzi, osati zotsekemera zokhazokha. Mipingo ikambirane ndi a zaumoyo a pafupi kuti nthawi zina azibwera kudzapima BP mapemphero atatha.

Ifenso a bungwe tidziika pansi pa mau omwewa. Mukaona abusa, amai busa kapena mkulu wa mpingo akuyenda mwandawala m'mamawa, thukuta lili kamukamu, musaime kuwafunsa ngati honda yafa. Mwina nkhope yao idzaonetsa kuti sakukondwa nazo. Apatseni moni, ndipo ngati muli ndi mphindi khumi, aperekezeni.

Ambuye akusungeni, mzimu ndi thupi lomwe.